Jakisoni Kapena Khasu

Ana anga awiri sanalire, ndipo ine anandiletsa kuwalira. Kwathu kuno mwana akabadwa wakufa sati maliro, amati nthayo. Belu saliza, nyimbo saimba, ndipo palibe bambo amene amasiya ukonde wake. Amayi aakulu amamukulunga m'kansalu, n'kutenga kakhasu kakutha, n'kupita naye kuseri kwa manda kumene kuli chinyontho. Dzenje lake sakumba lakuya, akuti likazama limatseka mimba ya mayi. Akabwerako amasamba m'manja n'kukuuza kuti pukuta misozi, Mulungu apatsanso.

Dzina langa ndine Imelda. Ndimagulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangula, pafupi ndi poima maminibasi. Mwamuna wanga Geresomo ndi msodzi wa kudambo la Elephant Marsh, ndipo akapita kudoko amatha milungu itatu osaoneka pakhomo. Tili ndi mwana wamkazi, Praise, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Awiri aja anabwera pambuyo pa iyeyu. Woyamba anatuluka mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, chaka chimene madzi osefukira anatithamangitsira kusukulu, moti kusikelo sindinapondeko. Wachiwiri anafika miyezi isanu ndi itatu. Kusikelo ndinapita kamodzi, ndinapeza zoyezera magazi zatha, anati ndidzabwerenso. Ndisanabwerere, mwana anasiya kusewera m'mimba. Ameneyu ndinamuona ndi maso anga asanamukulunge. Anali mwamuna, ndipo khungu la m'zikhatho mwake linali litasupuka ngati wagwira mphika wamoto.

Apongozi anga, mayi Dorika, ndiwo anakumba maenje onse awiri. Ndi mayi wamfupi, wouma thupi, amene anawoloka kuchokera ku Mutarara nthawi ya nkhondo atabereka Geresomo kumbuyo, ndipo mpaka lero amamuona ngati akadali kumbuyo komweko. Ataona manja a khandalo anangoti mwana wapsa. Kuno mawu amenewo safuna womasulira: ndiye kuti mayi anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati, moto wakewo watentha mwana. Pamaso panga sananene kanthu. Koma ndikafika pamjigo nkhani zinkaduka, ndipo ena ankafunsana mokweza kuti kodi pa Bangula timagulitsa nsomba zokha. Zinandipweteka, sindinama. Ine amene sindinavulirepo mwamuna wina chibadwire, ndinasanduka hule wa mudzi wonse chifukwa cha mwana amene sanandilole n'kumulira komwe.

Nditaima kachitatu apongozi anandipatsa malamulo awo. Mimba saulula isanaoneke, afiti ali ndi makutu, kusikelo ndidzapite ikakwana miyezi isanu ndi umodzi. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Lachiwiri lina, mimba ili ndi miyezi itatu, ndinasenza dengu langa ngati masiku onse, ndinakalisiya kwa Maness, mnzanga amene timayala limodzi pamsika, n'kukhota kulowera kuchipatala.

Namwino wa tsikulo anali mayi wamtali, a Ethel, munthu wosadziwa kunong'ona. Asanayambe kuyeza anatiimbitsa nyimbo imodzi, kenako n'kuyamba kutchula matenda opatsirana pogonana ngati akutchula mitundu ya nsomba. Anayamba ndi chinzonono, chimene bambo amakodza ngati akukodza tsabola, mafinya akutuluka, pamene mayi akhoza kukhala nacho osamva kanthu mpaka chitamutsekera njira yoberekera. Anatchula mabomu otupa m'mphechepeche. Anatchula chikazi chonunkha ndi kuyabwa kumene ife timangoti ndi mauka n'kumakadulitsa kwa azamba, nati lumo silinachizepo munthu. Amayi ankabisa nkhope m'zitenje akuseka. Atafika pa chindoko anasiya nthabwala. Anati chimenechi chimaba mwaulemu. Chimayamba ndi kachilonda kamodzi kumaliseche, kosapweteka, kamene kamapola kokha. Pakapita miyezi pamatuluka timawanga m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, tosayabwa, natonso timatha tokha. Munthu n'kumati ndachira, pamene matenda angolowa m'magazi kukabisala. Akapeza mwana m'mimba amamupha, kapena amabadwa wodwala, khungu likusupuka.

Anzanga ankamvetsera, koma ine maganizo anali atabwerera kunyumba, zaka zinayi zapitazo. Geresomo anabwera kuchokera kudoko ali ndi kachilonda pamalo obisika. Anati ndi msundu, unamuluma akukoka ukonde m'matope, ndipo ndinakhulupirira, pakuti ndani sadziwa misundu ya kudambo? Anagula makapusozi angapo pagolosale, kachilonda kanapola. Patapita miyezi iwiri zikhatho zake zinachita mawanga ofiirira n'kumasupuka. Anati ndi nkhafi yatsopano, mpini wake sunasalale. Amayi ake anamuphikira masamba a nimu, n'kumamuviika manja m'beseni m'mawa uliwonse ngati mwana, ndipo atayera anayenda mudzi wonse akudzitama kuti nimu wawo waposa chipatala. Inenso masiku amenewo ndinachita timawanga pamimba ndi kumsana, koma ndinkati ndi kutentha kwa Okutobala.

Itafika nthawi yanga a Ethel anandibaya chala, nadontheza magazi pa timapulasitiki tiwiri. Tinadikira. Anandiuza kuti HIV ndilibe, koma chindoko chilipo. Anatsegula buku langa lachipatala chakumbuyo, napeza kuti pa mimba ya Praise magazi anali abwino. Ndinawafotokozera za ana awiri aja ndi manja osupuka, ndipo sanadabwe.

“Ndiye si moto?” ndinafunsa.

“Moto wanji, mayi? Ndi matenda, ndipo mankhwala ake ali mukabati umu. Mwabwera nthawi yabwino. Jakisoni lero, wina Lachiwiri likubwerali, wotsiriza Lachiwiri linalo. Mwanayu tingathe kumupulumutsa. Koma bambo akapanda kubayitsa adzakupatsiraninso, ndipo tidzakhala tatungira madzi m'dengu.”

Ndinawapempha kuti alembe m'bukumo kuti matenda anabwera ndi mwamuna wanga. Anakana. Anati kapulasitiki kawo sikatchula amene anayamba, ndipo ntchito yawo ndi kuchiza, milandu ndi ya ena. Anandipatsa kapepala koitanira bambo kuchipatala, nandichenjeza kuti tisagonane mpaka tonse titamaliza mankhwala, kapena tigwiritse ntchito kondomu. Kenako anandigoneka chafufumimba. Jakisoni ameneyu ndi woyera, wolemera ngati phala, ndipo amabaya matako onse awiri. Ndinaluma chitenje, misozi ikutsika, koma mumtima munali mbee. Zaka zonsezi ndinkamenyana ndi chinthu chopanda dzina, ndipo tsiku limenelo ndinalidziwa dzina lake.

Kumsika ndinagulitsa choimirira tsiku lonse. Maness anandifunsa ngati mpando wanga wamera minga. Nditamuuza zonse anasiya kuseka, nati ndikonzeke, chifukwa mwamuna wa kuno n'chapafupi kumutengera kukamwa kwa ng'ona kusiyana ndi kumutengera kusikelo.

Geresomo anabwera Lachisanu masana. Ndinamusiya asambe, adye, akhale pakhonde kusoka ukonde, ndipo ndinagwada n'kumupatsa kapepala kaja.

“Bambo a Praise, akukufunani kuchipatala.”

Anakawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, nafunsa kuti wadwala ndani. Ndinamuuza zonse osakulunga m'masamba: mimba, chindoko, msundu uja, nkhafi ija, ana aja. Anatambasula manja ake pamaso panga, kutsogolo ndi kumbuyo.

“Ukuona chiyani apa? Ndimakodza bwinobwino ine. Munthu wodwala angapalase bwato mpaka ku Chiromo n'kubwerako? Ngati akupeza nacho iweyo, ukafunse madalaivala ako a pa Bangula.”

Atatero anang'amba kapepalako pakati, nathira chingambwe, nakulunga, nanyambita m'mphepete, n'kuyatsa. Ndinaima n'kumaonerera chidindo cha chipatala chikusanduka utsi. Ndinanena za kondomu, iye n'kuyankha zimene amayankha amuna onse, kuti switi sadyera m'pepala. Sindinakangane naye. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda mphasa yanga, ndinatenga neti ya udzudzu ndi Praise, n'kusamukira kukhitchini. Chitseko chake ndi cha malata akale, ndipo ndinachiikira mtondo kumbuyo.

M'mudzi mulibe chinsinsi cha mphasa. Pofika Lolemba apongozi anali atamva, ndipo anandipeza ndikuwamba nsomba. Anati mimba yaing'ono imafuna mwini wake aziithirira kuti mwana akhwime, ndipo mkazi wothawa mwamuna nthawi yotere ndiye kuti pali amene akumukhutitsa kwina. Ndinawauza zimene ananena a namwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati ndiye wavomera wekha kuti uli ndi matenda a mahule. Ndinapitiriza kutembenuza milamba yanga. M'mawa mwake ndinakabayitsa kachiwiri, ndipo ndinapempha kapepala kena. A Ethel atamva kumene kanapita koyamba anagwira m'chiuno, nati pa ntchito yawo yonse sanamvepo munthu wosuta kalata ya chipatala. Kachiwiriko ndinakamanga pamfundo ya chitenje.

Anandiitana Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa nimu womwe uja unachiza manja. A Fanizo, nkhoswe yathu, amene ndi ang'ono awo a malemu apongozi aamuna, anakhala pampando. Geresomo anakhala pambali pawo akuyang'ana nkhuku. Pamphasa panali apongozi ndi amayi aakulu atatu, omwe aja anaperekeza ana anga. Kwathu ku Makhuwira sanatumizeko uthenga. Maness yekha ndiye anabwera, osaitanidwa, nakhala kumbuyo kwanga. Milandu inali iwiri, kuthawa mphasa ndi kubweretsa matenda m'banja. A Fanizo analankhula nthawi yaitali za ulemu wa mkazi wolowoledwa, ndipo ine ndinkangoyang'ana pansi monga anandiphunzitsira.

Atamaliza, apongozi anandiikira patsogolo mbale ya madzi ndi njere za chimanga zodzaza dzanja. Anati mwana wachitatuyu kuti akhale moyo ndiyenera kutulutsa moto. Mwamuna aliyense amene ndinagona naye, njere imodzi m'madzi ndi dzina lake. Ndikamaliza andimwetsa mankhwala oziziritsa mimba, ndipo nkhani ithera pomwepo.

“Longa, mwananga,” anatero m'Chisena chawo, kundiuza kuti ndinene. “Usasiye ngakhale mmodzi.”

Ndinatola njere imodzi, ndinaikweza kuti aliyense aione, n'kuiponya m'madzi.

“Geresomo.”

Anadikira. A Fanizo anakhosomola, nati mwamuna wako sitiwerengera, pitiriza.

“Ndamaliza. Zotsalazi mupatseni mwana wanu, kaya zimukwana.”

Maness anaphulika kuseka, kenako n'kunamizira chifuwa. A Fanizo anamenya ndodo pansi, nati mwano wotere sanauonepo. Ine mantha anali atandichokera, ndipo m'malo mwake munalowa ukali umene ndinausunga zaka zitatu. Ndinafotokoza za msundu ndi makapusozi pamaso pa onse, mawu osatsitsa. Geresomo anati ndi bodza, misundu imaluma aliyense. Pamenepo ndinanyamuka osapempha, ndinapita kukhola la mbuzi la apongozi, ndinasolola kakhasu kaja pamene amakasomeka kudenga. Kakhasu kameneka salimira, ana saloledwa kukakhudza, ndipo mwamuna sakayang'ana n'komwe. Amayi aja atakaona m'manja mwanga anagwira pakamwa. Ndinakaika pamapazi a mwamuna wanga, ndinamasula mfundo ya chitenje, n'kuika kapepala pambali pake.

“Bambo a Praise, ana anu awiri simunawaone. Mwambo unakubisani, munali kudoko. Uyu akafa, amayi sakumba ndipo ine sindikhala chete. Mukumba ndinu, ine ndili pambali panu ndikulira mudzi wonse ukumva. Sankhani lero, jakisoni kapena khasu.”

Geresomo anabweza mapazi ngati waona njoka. A Fanizo anati ndikulaula mudzi, andibweze kwathu mawa lomwe. Ndinawayankha kuti njira ya ku Makhuwira ndimaidziwa, ndipo bwato lowolotsa anthu silinasiye ntchito, koma ndikapita ndipita ndi mimba yanga yochira, pamene mkazi amene adzalowe m'nyumbamo adzapeza khasu likumudikira. Kenako ndinatembenukira kwa apongozi n'kugwada, pakuti ngakhale nditakwiya chotani ndinaleredwa.

“Amayi, ndinu nokha amene munagwira manja onse. Aja munkaviika m'nimu, ndi aja munakulunga m'kansalu. Ndiuzeni ngati anali osiyana.”

Anayang'ana m'manja mwawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja a mwana wawo, iye n'kuwabisa pakati pa mawondo. Mayi ameneyu ndinali nditamuda, koma pamenepo ndinakumbukira kuti tsiku limene anakataya mdzukulu wake wamwamuna sanadye, anangokhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kulowa.

“Unali msundu?” anafunsa mwana wawo.

Geresomo anati amayi musamvere za mkazi uyu. Anamufunsanso kachiwiri, ndipo ulendo uno anangoweramitsa mutu. Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, anatenga mbale ija n'kukhuthulira madzi pansi, nkhuku n'kuthamangira njere. Anatola kakhasu kaja n'kukaika pamiyendo pa mwana wawo.

“Pyakwana. Ndaneta ine, ndatopa. Dzenje linalo ukumba wekha.”

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Mwamuna wanga anakankhira khasu pansi, nachoka osatsanzika, ndipo anakaswera kokamwa kachasu akuuza aliyense kuti akazi a pakhomo pake apenga. Ine ndinatola kakhasuko n'kukakaimika pakhomo la nyumba yathu, pambali penipeni pa chitseko. Palibe amene analimba mtima kukachotsa. Geresomo ankalowa chammbali, atakweza mkono, ngati munthu wodutsa pa chitedze. Lolemba m'mawa anakonzeka kuthawira kudoko, kumene kulibe apongozi kapena anamwino, koma anapeza nkhafi ndi ukonde palibe. Zinali m'nyumba mwa amayi ake, chitseko chili ndi loko, kiyi ali m'khosi mwawo. Anapempha, anakalipa, anatchula njala imene igwe pakhomo. Amayi ake anati nthawi ya nkhondo anadya nyika, mizu ya maluwa a m'dambo, miyezi isanu, ndipo sanafe.

Lachiwiri linali tsiku la jakisoni wanga wotsiriza. Ndikutuluka kukhitchini ndinapeza apongozi ataima pabwalo atavala chitenje cha kutchalitchi, nkhafi ili paphewa. Anagogoda nayo pachitseko cha mwana wawo.

“Lamuka, tende, dzuka tizipita. Nkhafi yako ukaitengera kuchipatala.”

Tinayenda motero mpaka ku Bangula, mayi wokalamba patsogolo atasenza nkhafi kumtunda kopanda madzi, ine pakati, Geresomo kumbuyo patali akuchita ngati ali paulendo wake. A kabaza ankaimitsa njinga n'kumafunsa ngati Shire wasefukiranso. Apongozi sanacheuke. Pachipatala anakhala pabenchi ya amayi oyembekezera, nkhafi itaima pakati pa miyendo yawo, ndipo sanaisiye mpaka dzina la mwana wawo litaitanidwa.

Anatiyeza tonse pamodzi, ndipo kapulasitiki kake kanaonetsa mizere iwiri ngati kanga. HIV analibe, ndipo ndinathokoza Mulungu chamumtima. Anayesa kunena kuti mwina ndinamupatsira ndine. A Ethel anati mwina, koma mankhwala ake ndi omwewo, atsitse buluku. Ananditulutsa kuti akambe naye payekha. Mwamuna uyu anamenyapo ng'ona ndi nkhafi itagwira ukonde wake, ndipo nkhani imeneyo amainena pamaliro paliponse. Koma tsiku limenelo ndinamumva ndili panja akupempha kuti kodi palibe a mapiritsi. Kenako kunamveka kubuula kumene kunachititsa amayi onse a pabenchi kuyang'anana. Sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Anatuluka akutsimphina, thukuta lili kamukamu, m'dzanja atafumbata timapepala. Ndinatidziwa, pakuti kotere ndinali nditanyamulapo kawiri. Timapepalato tinali tiwiri. A namwino anali atamufunsa ngati pali ena ofunika kuitanidwa, ndipo kumeneko, kopanda amayi ake ndi a Fanizo, anaponya njere zake. Mtima unandiwawa ngati wina waukanda ndi minga ya mlamba. Kudziwa ndi kwina, kuona ndi maso ndi kwina. Anayesa kutilowetsa m'thumba msanga, koma anaona kuti ndaona, ndipo anaima ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Maina sindinafunse, ndipo mpaka lero sindinawafune.

“Timeneto musasute,” ndinamuuza. “Nawonso ndi ana a anthu, ndipo adzafuna kubereka.”

Anabayitsa majakisoni onse atatu, amayi ake akumuperekeza Lachiwiri lililonse. Timapepala tija anakapereka, chifukwa a Ethel anadzandiuza kuti manambala ake anabwerera, osatchula anthu. Pepani wa pakamwa sanandiuze, iye kapena amayi ake, ndipo sindinamudikire. Apongozi anangopita pamjigo tsiku lina, pamene sapitapita, n'kuuza amayi onse kuti nimu sachiza chindoko, ndipo amene ali ndi nkhani ndi mpongozi wawo abwere nayo kwa iwo. Masiku amene a namwino ananena atatha, Geresomo anayamba kuzungulirazungulira kukhitchini ngati galu wonunkhiza nsomba. Ndinamuuza kuti masiku a chipatala atha koma anga sanathe. M'nyumba ndinabwerera patapita miyezi iwiri, nditafuna ndekha, ndipo ndi pangano lakuti akachokera kudoko aziyamba wapita kukayezetsa. Kakhasu kanakhalabe pakhomo. A Fanizo anatumiza mawu kawiri kuti ndikachotse, ndipo ndinayankha kuti kachoka mwana akalira.

Mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita kukadikirira kuchipatala. Mwana ankasewera, koma mtima wanga sunakhazikike, pakuti wachiwiri uja nayenso ankasewera. Akangokhala phee kwa kanthawi ndinkamwa madzi ozizira n'kumamugwedeza ndi dzanja mpaka andimenye. Matenda a kubereka anandiyamba Lachinayi m'mawa, ndipo pofika masana anabadwa. Panapita kanthawi kochepa kopanda phokoso, ndipo ine ndinali nditayamba kale kufa mumtima. Kenako analira. Analira mwaukali, mwamwano, ngati munthu amene amulanda malo ake pamzere. Anali mwamuna. A namwino anamubaya jakisoni mmodzi womutetezera, ndipo analiranso kuposa poyamba. Ine ndinkangoseka, misozi ikulowa m'makutu.

Apongozi atamulandira sanayang'ane nkhope kuti aone amene wafanana naye. Anamasula kansalu, natenga kadzanja kamodzi, natambasula tizala timodzitimodzi. Anatero ndi dzanja linalo, kenako kunsi kwa mapazi. Khungu linali losalala paliponse. Anamufunditsanso, namufungatira. Dzina anamutcha Yamiko.

Mchombo utagwa, nditatuluka m'chikuta, ndinabereka mwana wanga kumbuyo m'mawa wina dzuwa litakwera, anthu onse ali panja. Ndinatenga kakhasu kaja pakhomo n'kulunjika njira ya kumanda. Malowo ndinkawadziwa. Ulendo uliwonse, patapita masiku atatu, ndinkatsata mapazi a amayi aja mobisa, ndipo ndinaikapo miyala iwiri pansi pa mtengo wa msawu. Ulendo uno sindinabisale. Ndinadutsa pamjigo, ndinadutsa pakhomo pa a Fanizo, iwo n'kungonditsata ndi maso. Ndili pafupi kufika ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Geresomo, chipewa chili m'manja, pamalo pamene mwamuna sanapondepo.

“Ali pati?” anafunsa.

Ndinamulozera miyala ija. Udzu unali utamera mpaka kuiphimba. Anaima pamenepo kanthawi, kenako anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa khasu. Anagwada n'kuyamba kupalira mozungulira, mosamala, osazamitsa. Ine ndinakhala pansi, ndinatambalala miyendo, n'kuyamba maliro amene ndinawameza zaka zitatu. Ndinawalira ana anga mmodzimmodzi, mokweza, mawu akumveka mpaka kumjigo. Yamiko anadzidzimuka kumbuyo n'kuyamba kulira nane. Ndinalira mpaka mawu anasasa, ndipo palibe amene anabwera kudzandiletsa.